Kolona, fodya ndi dola: mmene mawu a ku Roma ndi ku Bohemia anafikira ku Nambuma

Mawu akuti kolona ali ndi nkhope zitatu m'Chichewa cha masiku ano. Kwa Mkatolika wa ku Nambuma kapena ku Namitete, kolona ndi mikanda ija amaiyendetsa ndi zala popemphera, makamaka mwezi wa Okutobala. Kwa wa CCAP amene anakulira pa Buku Lopatulika, korona ndi chisoti chaufumu kapena mphotho ya wopambana. Wachitatu ndi kachilombo kamene kanafika mu 2020, chaka chimene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi anthu n'kuyamba kuyenda atatseka kukamwa ndi mphuno. Pozimva zimakhala ngati zinthu zosayenderana, komatu ndi liwu limodzi. Gwero lake ndi corona wa Chilatini, nkhata ya masamba kapena maluwa imene Aroma ankaveka munthu kumutu pomulemekeza. Mikanda ya pemphero inatchedwa choncho poiyerekeza ndi nkhata yoveka Maria, ndipo mtundu wa kachilombo kaja asayansi anaupatsa dzinali mu 1968 chifukwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kamaoneka kozingidwa ndi mphete yonga nkhata. Angerezi analipinda liwu lomweli n'kukhala crown. Ku Czech Republic, dziko la pakati pa Ulaya lomwe likulu lake ndi Prague, koruna ndi dzina la ndalama yawo, monga ilili kwacha kuno.

Kufanana kotereku sikubwera ndi njira imodzi. Pamudzi wa Achewa anthu awiri akhoza kufanana nkhope chifukwa ndi a bele limodzi. Wina amapezeka pamudzipo chifukwa anadzakwatira, ndi mkamwini, ndipo pakapita zaka ana sadziwanso kuti kwawo n'kwina. Palinso uja mumakumana naye pamsika wa Nsaru n'kumuyesa msuweni wanu pamene simunamwerane naye madzi. Mawu nawonso ali chimodzimodzi, ndipo ntchito ya akatswiri a ziyankhulo ndi kusiyanitsa mbumba, akamwini ndi ongofanana nkhope.

Chingerezi, Chilatini ndi Chitcheki, chiyankhulo cha anthu oposa 10 miliyoni a ku Czech Republic, ndi za bele limodzi. Mayi m'Chilatini ndi mater, m'Chingerezi mother, m'Chitcheki matka. Mbale wamwamuna ndi frater, brother, bratr. Usiku ndi nox, night, noc. Mphuno nasus, nose, nos. Mbewa mus, mouse, myš. Chinthu chatsopano novus, new, nový. Palibe amene anabwereka kwa mnzake mawu amenewa, pakuti mtundu wa anthu sudikira alendo kuti adzauphunzitse dzina la mphuno kapena la mayi. Mu 1786 woweruza milandu wina wa ku Britain, William Jones, ali ku Calcutta m'dziko la India, anauza anzake kuti Chisansikiriti cha kumeneko chikufanana kwambiri ndi Chigiriki ndi Chilatini moti zonse ziyenera kuti zinachokera ku kholo limodzi lomwe mwina linatha kale. Kholo limenelo silinasiye cholembedwa chilichonse. Akatswiri amalidziwa poyerekeza zidzukulu zake, monga mmene munthu angadziwire msinkhu wa agogo omwe sanawaone poyang'ana ana awo.

Umboni weniweni suli pa kufanana chabe koma pa kusiyana kotsata dongosolo. Jacob Grimm wa ku Germany anaonetsa mu 1822 kuti pamene Chilatini chili ndi p kumayambiriro kwa liwu, Chingerezi ndi abale ake apafupi amakhala ndi f: pater ndi father, piscis ndi fish. Pamene Chilatini chili ndi t, Chingerezi chimakhala ndi th: tres ndi three, pomwe Chitcheki chinasunga t wakaleyo mu tři. Kusintha kukamabwerezeka choncho m'mawu mazanamazana, ndiye kuti si ngozi.

Chichewa sichili m'mbumba imeneyo. Chili ndi yakeyake, imene Wilhelm Bleek anaifalitsa ndi dzina lakuti Bantu m'buku lake la 1862 ataona kuti liwu lotanthauza anthu limamveka mofanana kuchokera ku Cameroon mpaka ku Cape. Munthu wa Chichewa ndi umuntu m'Chizulu, munhu m'Chishona, mtu m'Chiswahili. Mvula ndi imvula, mvura, mvua, ndipo Atumbuka amati vula. Malcolm Guthrie, pogawa ziyankhulozi m'magulu mu 1948, anaika Chichewa m'gulu la N, ndipo mpaka lero m'mabuku a akatswiri chimadziwika ndi nambala N31.

Apa m'pamene anthu okonda kulota mibadwo amapunthwa. Mwana wa ku Prague amaitana bambo ake kuti táta, ana a Aroma ankati tata, ndipo Mchewa amati atate. Wina angalumphe n'kunena kuti Achewa ndi Aroma ndi pachibale. Ayi. Ta, ma ndi ba ndi maphokoso oyamba amene mlomo wa khanda umatha kutulutsa, ndipo makolo kulikonse amathamangira kunena kuti mwana akuitana iwo. N'chifukwa chake phokoso limodzi limagwera anthu osiyana: kuno ababa ndi bambo, koma bába wa Chitcheki ndi gogo wamkazi. Bwino amamveka ngati bene kapena bonus wa Chilatini, tanthauzo n'kufanananso, koma palibe mzere wa mawu ena wotsimikiza ubalewo. Ano wa Chitcheki ndi inde, sagwirizana ndi ano wa masiku ano. Maphokoso amene pakamwa pa munthu pamatulutsa ndi owerengeka, mawu ndi zikwizikwi, choncho ena ayenera kuwombana basi. Ngakhale dzina la malo lakuti Mpingu ndi liwu lakuti mpingo asiyana lemba limodzi lokha, koma lembalo palokha silingaweruze mlandu wa komwe dzina linachokera.

Nkhani yaikulu ili pa akamwini, chifukwa Chichewa cholankhulidwa pakati pa Namitete ndi Nambuma chili ndi Chilatini chambiri kuposa mmene eni ake amaganizira, ndipo chinalowa m'mudzi nthawi zosiyana, kudzera m'makomo osiyana.

Khomo loyamba linali la malonda, amishonale asanalotedwe n'komwe. Liwu lakuti ndalama akatswiri ambiri amalilondola ku darahim wa Chiarabu, kuchulukitsa kwa dirham, amene nayenso anachokera ku drachma ya Agiriki. M'Chishona ndarama ndi golide, zomwe zikusonyeza katundu amene liwulo linayenda naye. Kenako Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1500. Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo Monteiro ndi Gamitto anadutsanso m'dera la Achewa mu 1831 popita kwa Kazembe. Pakati pa maulendo olembedwawo panali maulendo osawerengeka a amalonda a minyanga ndi nsalu, ndipo mawu ankayenda m'mitolo yawo. Nsapato ndi sapato, mbatata ndi batata, kachasu ndi cachaça. Chipwitikizi ndi mwana wa Chilatini, kotero mawu ake ambiri anabwera ndi magazi a ku Roma.

Chitsanzo chokoma ndi fodya, mbewu imene yamanga nyumba zamalata ku Kabudula ndi ku Nsaru n'kugwetsanso mabanja ena m'ngongole. Liwuli linachokera ku folha wa Chipwitikizi, kutanthauza tsamba, ndipo folha anachokera ku folium wa Chilatini. Mlimi akamanena kuti tsamba la chaka chino lachita bwino, osatchula n'komwe kuti fodya, amakhala akubwereza m'Chichewa zimene amalonda aja ankanena zaka mazana apitawo. Vinyo ndi vinho wa Apwitikizi, wochokera ku vinum, yemweyo amene Angerezi amati wine ndipo Atcheki amati víno. Chimene chikuulula njira yake ndi ny wa pakatiyo: ndi mmene Apwitikizi amatchulira nh, ndipo akupezekanso mu amalinyero, ochokera ku marinheiro, anthu a pa mare, nyanja yamchere, imene m'Chitcheki ndi moře.

Mawu ena analowa kawiri, ngati munthu amene anadzakwatira pamudzi, n'kudzabweranso mng'ono wake patapita mibadwo anthu osazindikira kuti ndi amodzi. Charta wa Chilatini, pepala lolembapo, anafika koyamba ngati kalata kudzera mwa carta wa Apwitikizi, ndipo anadzafikanso ngati khadi kudzera mwa Angerezi. Caput, mutu, anabala capitão, amene kuno anasanduka kapitawo woyang'anira antchito pa esiteti. Mutu womwewo unabweranso pa bwalo la mpira ngati kaputeni. Vinyo wa m'tchalitchi ndi wayini wa m'sitolo ndi mapasa otero.

Pofuna kudziwa mmene anthu a chigawo chino ankalankhulira mamishoni asanafike, akatswiri amatsegula buku limene linalembedwa kutali ndi kuno. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, anakumana mu 1853 ndi kapolo wina wodziwika ndi dzina la Chiswahili lakuti Salimini, yemwe kwawo kunali ku Mphande, dera limene ofufuza amaliika m'chigawo cha Lilongwe. Mawu amene Salimini ankatchula ndiwo anapanga Dictionary of the Kiniassa Language, yosindikizidwa mu 1877 Rebmann atamwalira kale. Dikishonale yoyamba yaikulu ya chiyankhulochi inatuluka choncho m'kamwa mwa munthu wa kumtunda kuno, wogulitsidwa ngati mbuzi.

Khomo lachiwiri, lalikulu kuposa onse, ndi la mishoni. A Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo William Murray wa ku Nkhoma ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, kenako Nambuma mu 1928. Kwa zaka zoposa makumi atatu, akhristu a ku Nambuma ankamva Misa m'Chilatini chenicheni Lamulungu lililonse, wansembe atafulatira anthu n'kuyang'ana ku guwa, anyamata otumikira akuyankha mawu oloweza pamtima amene tanthauzo lake ambiri sankalidziwa. Zinasintha msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri utavomereza, pa 4 Disembala 1963, kuti mapemphero azichitika m'ziyankhulo za eni dera. Chilatini chinachoka pa guwa koma chinasiya ana ake m'mudzi.

Misa ndi missa, liwu la m'mawu otsiriza amene wansembe ankabalalitsa nawo anthu, lochokera ku mneni wotanthauza kutuma. Mishoni nayenso anaphuka pa muzu womwewo. Angerezi amati Mass, Atcheki mše. Episkopi ndi liwu la Chigiriki lotanthauza woyang'anira, limene Aroma analitenga ngati episcopus. Akatolika a kuno analilandira lathunthu, pamene Angerezi analidula mutu ndi mchira n'kutsala bishop, Atcheki biskup. Munthu wonena kuti bishopu ndi wonena kuti episkopi akutchula liwu limodzi, lina lodzera ku London, lina ku Roma. Mngelo, ubatizo, Ukaristia, Eklezia ndi Pasaka anayenda njira yofananayo, ena kuchokera ku Chigiriki, Pasaka kuchokera ku Chihebri, onse n'kudzagona ku Chilatini asanapitirire. Pa dzina la nyumba yopemphereramo mitundu inasiyana. Tchalitchi ndi church wa Angerezi, wochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza cha Ambuye. Atcheki nyumbayo amaitcha kostel, kuchokera ku castellum, linga la asilikali, limene m'Chingerezi ndi castle, popeza matchalitchi awo oyambirira ankamangidwa m'kati mwa malinga a mafumu.

Liwu lakuti seminale mlimi wa fodya angalimve msanga kuposa mphunzitsi. Seminarium wa Chilatini ndi malo ofesera mbewu, kuchokera ku semen, mbewu, yomwe m'Chitcheki ndi semeno. Kunena mwachidule, seminale ndi nazale. Mnyamata wochokera ku Namitete akakwera galimoto ya ku Mchinji kupita ku Kachebere, komwe seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939, amakafesedwa pa bedi, kuthiriridwa zaka zingapo, n'kudzawokeredwa ku parishi, monga mbande zimene zimachoka kudimba mvula yoyamba ikagwa. Si mbande zonse zimafika kumunda, ndipo izi ndi zoona ku nazale zonse ziwiri.

Mawu a ubale a ku Ulaya aja anafika kuno atavula ubale wawo. Sister ndi mlongo, mnzake wa soror wa Chilatini ndi sestra wa Chitcheki, koma m'Chichewa asisitere si achemwali a munthu: ndi amayi a chipani cha mpingo, kapena anamwino aakulu. Abulazala nawonso si achimwene. Father yekha ndiye anamasuliridwa, wansembe n'kukhala Bambo, ndipo woyang'anira parishi n'kukhala Bambo Mfumu, dzina limene silinachokere ku Roma konse koma pabwalo la milandu la m'mudzi.

Izi zikukumbutsa kuti amishonale sanabweretse mawu onse kuchokera kwawo. Pa zinthu zozama kwambiri anatola mawu amene anawapeza. Nsembe inalipo kale, yothiridwa pansi pa mtengo kapena ku Msinja kwa Makewana popempha mvula, ndipo wansembe anatchedwa ndi liwu lomwelo. Kachisi kanali kanyumba ka mizimu. Lero ndi nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu ndi ya pamudzi pomwe. Crux wa Chilatini anapatsa Angerezi cross ndi Atcheki kříž, koma kuno anagonja kwa mtanda, mtengo wopingasa. Mzimu, Mulungu ndi Chauta sanafune womasulira. Kusankha kumeneku kunali kwanzeru, ngakhale kunabala mikangano yake, chifukwa liwu lakale limabwera ndi fungo la kumene linkagona. Atcheki anadutsamo m'nkhani yotereyi kalekale: Cyril ndi Methodius anafika ku Moravia mu 863 n'kuyamba kupempheretsa m'chiyankhulo cha Asilavo, ansembe a Chilatini n'kuwatsutsa kwambiri.

Chipatala ndi liwu lina lobisa mbiri yaitali. St Gabriel's ku Namitete, chimene asisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, anthu amangoti kuchipatala, osaganiza kuti akutchula hospital. Muzu wake ndi hospes wa Chilatini, liwu limene linkatanthauza mlendo komanso womulandira. Hospitale inali nyumba ya alendo, ndipo popeza alendo ambiri ofika pa nyumba za amonke anali odwala ndi otopa, dzinalo linatsalira odwala. Hotela ndi hositelo ya ana asukulu ndi ana a liwu lomwelo. Chodabwitsa chili pa host: m'Chingerezi ndi mwini nyumba wolandira alendo, m'Chitcheki ndi mlendo wolandiridwayo, ndipo mbale wawo hostis m'Chilatini ndi mdani. Munthu wachilendo akhoza kukhala zonsezi, malinga ndi mmene wafikira. Liwu lakuti mlendo nalonso limasenza woyenda ulendo, wodzacheza ndi wosadziwika.

Mmene Chichewa chinalandirira chipatala zikuonetsa mwambo umene mkamwini aliyense amagonjera. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo salola malembo ena kuunjikana popanda a, e, i, o kapena u pakati. Choncho school anakhala sukulu, store sitolo, table tebulo. Chitcheki chili ku mapeto enawo: vlk, chilombo chonga galu wakuthengo, ndi prst, chala, alibe lembo la liwu ngakhale limodzi. Kenako liwu lobwera limapatsidwa gulu. Chipatala chinaikidwa pamodzi ndi chinthu ndi chipinda, n'kuchulukitsidwa kuti zipatala. Buku linapita kwa mabuku, kapitawo kwa akapitawo. Sapato ndi batata anavekedwa n ndi m kutsogolo kuti afanane ndi nsalu ndi mbale. Liwu likafika pamenepo lalowa m'mudzi, ndipo kulithamangitsa kuti ndi lachilendo n'kutaya nthawi.

Sukulu ili ndi nthabwala yake. Schola wa Chilatini, škola wa Chitcheki ndi school wa Chingerezi anachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi yopuma, chifukwa kuphunzira kunali kwa anthu amene sankafunika kumunda. Mwana wa ku Kabudula amene amajomba nthawi yosoka fodya akudziwa kuti tanthauzo lakalelo silinafe. Tabula, thabwa, anakhala tebulo kudzera m'Chingerezi, koma tabule wa Chitcheki ndi bolodi lolembapo aphunzitsi. Buku ndi book, amene akatswiri ambiri amamulumikiza ndi mtengo wotchedwa beech, umene anthu akale a kumpoto kwa Ulaya ankazokotapo zilembo. Mtengowo m'Chitcheki ndi buk.

Pa miyezi, Chichewa chinatenga ya Aroma yonse kudzera m'Chingerezi, pamodzi ndi cholakwa chake. Septem ndi 7, octo 8, novem 9, decem 10, koma Sepitembala ndi mwezi wa 9 ndipo Disembala ndi wa 12, chifukwa chaka cha Aroma akale chinkayamba mu Malichi. Atcheki anakana mayinawo n'kusunga awo otengera nyengo: listopad, kugwa kwa masamba, ndi Novembala, ndipo srpen, mwezi wa chikwakwa, ndi Ogasiti. Koma pa masiku a sabata Mchewa ndi Mtcheki amaganiza mofanana osabwerekana. Angerezi amatchula masiku ndi mayina a dzuwa, mwezi ndi milungu yawo yakale. Atcheki amawerenga: čtvrtek ndi lachinayi, pátek ndi lachisanu, kuyambira pa tsiku lomwe kuno ndi Lolemba, ndipo neděle, Lamulungu lawo, ndi tsiku losagwira ntchito. Lolemba ndi Loweruka nawo ndi mayina a pantchito yolembedwa, tsiku lolowa ndi tsiku loweruka. Sobota wawo ndi sabata wathu ndi liwu limodzi la Chihebri, ngakhale kwawo lagwera Loweruka pomwe kuno Lasabata kwa ambiri ndi Lamulungu.

Khomo lachitatu ndi la esiteti, boma ndi ku Joni. A. F. Barron atayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi cha m'ma 1920, ndipo boma la atsamunda litakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe inalowa m'malonda a fodya wa chikopa, ndipo mawu atsopano anabwera ndi sikelo. Tenanti ndi wogwirizira malo a mwini wake, kuchokera ku tenere, kugwira. Giredi ndi gradus, sitepe ya makwerero. Feteleza anachokera ku fertilis, chobereka. Chigafa chokha ndicho chimamveka chakwathu pakati pa mawu a pa esiteti. Amuna obwerera ku migodi ya ku South Africa anabweretsanso awo, monga buluku, amene ndi broek wa Chiafrikaansi.

Mawu ochokera ku dziko la Atcheki kwenikweni ndi ochepa, koma awiri mwa iwo ali pakamwa pa aliyense. Loyamba ndi loboti. Robota m'Chitcheki inali ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwira m'munda wa mwini malo popanda malipiro, masiku angapo pa sabata, mpaka pamene inathetsedwa mu 1848. Mmalawi safuna kumasuliridwa zimenezi: ndi thangata, imene inazunza anthu m'maesiteti a kummwera, inali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915, ndipo inathetsedwa mu 1962. Mawu awiriwa anayenda mosemphana. Thangata poyamba linali liwu labwino, kuthandizana, ndipo atsamunda ndiwo analidetsa. Robota anachoka kumunda n'kupita ku makina pamene Karel Čapek analemba sewero lotchedwa R.U.R. mu 1920, lonena za antchito opangidwa m'fakitale, dzina lawo atapatsidwa ndi mkulu wake Josef. Angerezi analitenga, a ku South Africa n'kulipereka kwa magetsi olamula magalimoto pamphambano, poti ankagwira ntchito ya wapolisi popanda munthu. Woyendetsa minibasi yochokera ku Mpingu akauza wokwera kuti atsikire pamaloboti, akutchula thangata ya alimi a ku Bohemia, dera la dziko la Atcheki.

Pali dzina linanso limene ambiri amaliyesa la kuno. Bata, sitolo ya nsapato zasukulu, ndi dzina la Tomáš Baťa, amene anayambitsa kampaniyo ndi abale ake mu 1894 m'tauni ya Zlín ku Moravia. Nsapato ya Bata ndi liwu la Chipwitikizi lophatikana ndi dzina la Chitcheki, ndipo bata wa Chichewa, uja wa mtendere, alibe nazo gawo.

Lachiwiri mwa mawu awiri aja ndi dola. M'mapiri a kumadzulo kwa Bohemia muli tauni ya Jáchymov, imene olankhula Chijeremani ankaitcha Joachimsthal, chigwa cha Yoakimu Woyera. Siliva atapezeka kumeneko mu 1516, eni migodi anayamba kusula ndalama zazikulu cha m'ma 1520, ndipo anthu anazitcha Joachimsthaler, za ku chigwa cha Yoakimu. Dzinalo linali lalitali pamsika, choncho linadulidwa n'kutsala thaler. Atcheki anati tolar, Adatchi daalder, Angerezi dollar, ndipo dziko la United States linaika dzinali m'lamulo lake la ndalama la 1792. Kwacha inayamba mu 1971, koma mabelo ochokera ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma akafika ku okushoni ku Kanengo, mtengo wa fodya pa kilogalamu umatchulidwabe m'madola.